Nambala Imene Kachingwe Analemba Pamanja

3 Malichi

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko. Ife kuno tilipo. Amayi miyendo ija ikuwavutabe, koma akudya. Inenso ndikudya.

Ndakulemberani papepala chifukwa cha zimene ndinakuuzani tsiku lomwe munkanyamuka, maliro a mwamuna wanga atatha. Musakhumudwe kuti sindiyankha foni yanu. Mawu anu pafoni ndi a mng'ono wanu ndi amodzi, ngakhale kakhosomoledwe. Ndikayankha ndimangoima, kenako ndimapeza kuti mwadula. Mauthenga nawonso sinditsegula, m'fonimu mwadzaza a chipepeso. Adalaivala a lole aja avomera kumatinyamulira makalata akamadutsa.

Shopu ili mmene munaionera. Tebulo la mng'ono wanu lili pazenera pomwe paja, mpando wothyoka chotsamira uja, mawaya atakolekedwa pamisomali kukhoma, aafupi paokha, aatali paokha. Sindinasunthe kanthu, poti sindikudziwa koziika.

Nkhani ndi ya laputopu. Eni nyumba ya shopu anachotsa kabokosi ka intaneti kakale kaja, kamene mng'ono wanu ankakasamalira, n'kubweretsa katsopano pamodzi ndi katswiri wake. Anthu a m'khonde lathu amutcha Achangu, poti amalankhula ali chiimire, chipewa cha njinga yamoto chili kumutu. Kuchokera pamenepo laputopu tsiku lina ilowa pa intaneti, tsiku lina ikana. Kompyuta ya ometa ikugwira, ya mayi wa mankhwala ikugwira, mafoni a aliyense akugwira. Yathu yokha.

Mukudziwa kuti masiku ano anthu sabwera ndi mapepala m'manja. Amatumiza pa imelo, ine n'kuwasindikizira. Intaneti ikakana ndimangokhala, ine ndi makina osindikizira tikuyang'anana. Sabata yatha aphunzitsi aja obweretsa mayeso anadikira pabenchi mpaka anatopa, n'kuwolokera ku shopu ya kutsidya kwa msewu. Sanabwerenso. Zikapitirira chonchi, shopu nditseka.

Ndinawaitana Achangu. Anayang'ana sikirini n'kunena kuti mapulogalamu aulere amene mng'ono wanu anaikamo iwo sawadziwa, ndiwapatse laputopuyo akafufute zonse, aikemo zodziwika. Ndinawauza kuti ndiganize kaye. Zinthu zimenezi munkazipanga limodzi. Tandiuzani chochita.

Ndine mlamu wanu.

19 Malichi

Alamu anga,

Kalata yanu ndailandira. Ndaiwerenga kuntchito nthawi yopuma, nditakhala pa makatoni, anzanga akundiseka kuti ndani amalandirabe kalata ya m'envelopu zaka zino. Ndasangalala kumva kuti mulipo. Amayi muwauze azikweza miyendo pampando akakhala, ngakhale ndikudziwa kale mmene akuyankhireni.

Achangu musawapatse laputopuyo. Palibe chawonongeka. Vutolo ndikulidziwa ndili konkuno, chifukwa mng'ono wanga Kachingwe ndimamudziwa.

Makina aliwonse akafuna kulowa pa netiweki amayenera kukhala ndi nambala yawoyawo, kuti uthenga wawo usasochere. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, makina amapempha kwa kabokosi, kabokosi n'kuwabwereketsa nambala iliyonse imene ilibe mwini nthawi imeneyo. Yachiwiri, munthu amakhala pansi n'kuilemba nambalayo ndi zala zake, ndipo imakhala yomweyo mpaka wina adzaifufute. Pafupifupi aliyense amatsata yoyambayo. Kachingwe ankatsata yachiwiri.

Tinayamba kukangana zimenezi tili anyamata, pamene tinapempha kompyuta yakufa kwa amalume n'kuiukitsa ndi mapulogalamu aulere aja. Tinaiika patebulo la kuchipinda chathu, mawaya ali mbwee mpaka pabedi, ndipo iye ankagona nawo atamukulunga mwendo. Dzina lija linachokera pomwepo. Ine ndinkati azisiye zizichitika zokha, iye ankati, "Achimwene, chinthu chimene sindinachiuze ine poti chikhale, chikasowa ndikachifuna kuti?" Mapulogalamuwo sankawakonda chifukwa choti sagulidwa ayi. Ankati sakubisira kanthu, chilichonse ukhoza kuchitsegula n'kuchiika mmene ukufunira. Ndimakumbuka nkhope yake tsiku limene kompyutayo inayaka koyamba. Sanasangalale monga ine ndinasangalalira. Anangoisuzumira kumbuyo, n'kuyamba kuwongola mawaya.

Ndiye kabokosi katsopanoko sikakudziwa kuti nambala ya laputopu yanu ili ndi mwini. Kakumaibwereketsa kwa aliyense wofika msanga. Wina akaitenga, laputopu yanu imapeza pampando pali munthu, n'kubwerera.

Chitani izi. Pakona ya sikirini, kumwamba kudzanja lamanja, pali kachizindikiro ka netiweki. Dinani pamenepo, mutsegule zosintha za waya. Muona timabokosi muli manambala okhala ndi madontho pakati. Pamwamba pake pali posankha. Panopa pakusonyeza kuti munthu alemba yekha, inu musankhe pamene pakunena kuti makina apeze okha. Manambala aja afufutika, musaope. Sungani, zimitsani, yatsaninso. Mukateleka madzi a tiyi, asanawire mukhala mutatha.

Mundidziwitse mmene ziyendere.

Ndine mlamu wanu wakutali.

6 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Ndine mayi wako. Ndalemba ndekha, usadabwe zilembo kupendekeka, magalasi anga anathyoka mwendo. Uli bwanji? Ukudya? Tsiku la maliro khosi lako linaoneka lalitali, sindinakuuze chabe. Miyendo yanga ndi yomweyi. Zokweza pampando unanenazo ndinamva, uzikachita iweyo kumene uliko.

Kalatayi ndawapatsa adalaivala mlamu wako asakudziwa.

Mlamu wako wasintha. Kale ankanyamuka dzuwa litatuluka, titamwa tiyi limodzi. Masiku ano ndimamva chitseko kunja kusanache. Amayenda monyang'ama, nsapato zili m'manja, kuti ndisadzuke, osadziwa kuti ine ndi tulo tinasiyana kalekale. Ngakhale Lamulungu amapita, tsiku loti shopu satsegula. Akabwera madzulo amangokhala, maso ali kukhoma. Ndikamufunsa amati kuntchito. Ntchito yanji yoyamba alonda asanaweruke? Mayi woyandikana nafeyu anandifunsa, akuseka ndi pakamwa pokha, ngati mpongozi wanga walembedwa ntchito yodzutsa atambala. Ndinamuyankha kuti atambala ake iyeyo ndi amene amafunika kudzutsidwa. Koma nditalowa m'nyumba ndinakhala pansi.

Ine sindikumuda. Ndi mwana wabwino, amandithowa miyendo, mankhwala sandiiwalira. Akadali wamng'ono, ndipo mng'ono wako sanamusiyire mwana woti amugwire mwendo. Ngati wapeza munthu, ndi mwayi wake. Koma andiuze, ndisadzangodzuka tsiku lina n'kupeza kuchipinda kuli pululu. Opepesa anasiya kubwera, nyumba ino tatsala awiri, ndipo masana onse ndimamva wotchi yokha.

Ine kumufunsa sindingathe, pakamwa pamandilemera. Iwe ndi mlamu wake, kale munkaseka limodzi. Umufunse mwanzeru, usanditchule.

Mayi wako.

22 Epulo

Alamu,

Landirani moni wa kuno. Sindinamve kanthu kuchokera kwa inu, ndiye ndikuganiza kuti laputopu inachira, poti wochira sabwerera kwa dokotala kukanena. Ngati sinachire, mwina ndine ndinalemba zosamveka. Kuseri kwa pepalali ndajambula mmene sikirini imaonekera, ndi mivi yosonyeza podina. Musaseke, luso lojambula analitenga lonse Kachingwe.

Pali nkhani ina, ndipo ndailemba n'kung'amba kangapo. Ndikamapita kuntchito ndimadutsa pa shopu ina yokonza mafoni. Muli munthu amene amawerama ngati iye, phewa limodzi lili m'mwamba, kanthu ataluma pamilomo. Masiku oyamba ndinkawoloka msewu kuti ndisamuone. Kenako ndinayamba kuima pazenera ngati ndikuyang'ana mafoni ogulitsa. Tsopano ndimangodutsa. Sindikudziwa ngati kumeneko ndiko kuchira kapena kungotopa.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti munthu aliyense ali ndi nthawi yake, ndipo palibe woti amuikire mnzake malire. Inu munamusamala mng'ono wanga mpaka pomaliza, zimene ine sindikanatha ndili kuno. Palibe chimene munasiya osachita. Ngati tsiku lina, ngakhale posachedwa, mtima wanu utaona kwina, kwa ife simudzakhala wolakwa. Mudzangotiuza, kuti za amayi tizikonze bwino. Ndikapanda kunena ine, palibe anganene.

Ngati ndalumpha mpanda mundikhululukire, mlamu ndi wotero.

Ine mlamu wanu.

9 Meyi

Alamu,

Tilipo. Makalata anu onse awiri ndinalandira, ndi mivi yomwe. Yachiwiriyo ndadziwa kumene yachokera. Amayi akamabisa chinthu amayamba kundipatsa ulemu wambiri, ndipo sabata imeneyo ankandithokoza ngakhale ndikawapatsira supuni. Munthu amene ndimamuthamangira m'mamawa alipo ndithu. Ndi alonda a nyumba ya shopu, agogo a mano owerengeka, ndipo chimene ndimafuna kwa iwo ndi chala chawo pa swichi ya magetsi.

Laputopu sindinasinthe. Malangizo anu anamveka bwino koyamba komwe. Ndinatsegula, ndinapeza timabokosi tija, ndinaika kamuvi pamene munanena. Nambala yake imathera ndi 17. Ndinakumbuka tsiku limene ankagawa manambalawo. Anayambira pamasitepe, chitseko ndi chitseko, ometa 11, mayi wa mankhwala 12, mpaka kufika kwathu kumapeto kwa khonde. Ndinamufunsa chifukwa chake sanadzipatse yoyamba, poti wogawa ndi iye. Anati nambala imatsata chitseko, sitsata ubale. Ena onse aja Achangu anawasintha tsiku limodzi. Yatsala yathu. Ndinaiyang'ana kwa kanthawi, kenako kunabwera kasitomala, ndinatseka.

Sindinalire, musaganize zimenezo. Zovala zake ndinagawa osalira, njinga yake ili kwa msuweni wanu. Dzanja lokha ndi limene silinadine.

Ndiye ndinaganizira zimene munalemba, zoti kabokosi kamapatsa wofika msanga. Alonda amazimitsa magetsi a nyumba yonse tikaweruka, amayatsa kukamacha, ndipo kabokosiko kamadzuka kataiwala zonse za dzulo. Batire la laputopu linafa kale. Choncho ndimafika asanayatse, ndimakhala pampando wake uja, chala chili pabatani. Alonda anazolowera. Amafunsa ali pansi pa masitepe ngati ndakonzeka, monga achitira oyambitsa mpikisano wothamanga. Akangoyatsa, ine ndayatsa. Ometa akamafika ndi mafoni awo amapeza pampando pali kale munthu. Lamulungu palibe chosindikiza, ndikudziwa. Ndimapitabe. Ndimayatsa, ndimakhala mpaka mayi wa mankhwala atseke.

Zinayenda mpaka sabata yatha. Mayi wa mankhwala anagula kamakina kolipirira ndi khadi, ndipo kameneko sikayang'ana ngati pampando pali munthu, kamangokukhalira pamiyendo. Kabokosi kakakapatsa 17, tonse timagwa, iwo ndi ine. Anthu anaima pamzere mankhwala ali m'manja, khadi likukana, wina mwana akutentha thupi kumsana. Achangu anafufuza tsiku lonse, chipewa chija anavula koyamba, mpaka anafika pachitseko changa. Sanakalipe. Anati, "Mayi, amuna anu anali mmisiri, koma nyumba ino tsopano ikuyenda yokha." Eni nyumba ati ndisinthe mwezi uno usanathe, apo ayi adula waya wanga. Mayi wa mankhwala sakundipatsa moni, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Amayi ndiwauza ndekha kuti sindikupita kulikonse. Musandijambulirenso mivi.

Ndine mlamu wanu.

21 Meyi

Alamu,

Ndalemba mothamanga, adalaivala akuti anyamuka masana ano. Za kalata ija manyazi andigwira, tidzakamba tsiku lina. Amayi muwapatse moni.

Musasinthe kaye. Pali njira yachitatu imene sindinaiganize, poti munandifunsa za makina, ine n'kuyankha za makina. Kabokosiko kakhoza kuuzidwa kuti nambala 17 kasamabwereketse munthu wina aliyense. Achangu alowe m'zosintha zake, aichotse pagulu la manambala obwereketsa. Zimenezo kabokosi sikaiwala ngakhale magetsi atazima. Laputopu simuikhudza n'komwe, zimene analemba Kachingwe zikhala mmene anazisiyira, kamakina ka mayi wa mankhwala kalandira nambala ina, inu muzigona mpaka dzuwa lituluke. Katswiri aliyense amazidziwa. Muwaonetse ndime imeneyi. Akakana, udzakhala ulesi chabe.

Ndinaimba, ngakhale munati simuyankha. Foni inalira mpaka inatopa. Ndatumizanso uthenga, mwina mutsegula.

Ndakhala ndikuganizira mkangano wathu uja. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati wopambana ndine, poti anthu onse anatsata njira yanga. Kuno ndasamuka zipinda zambirimbiri, ndipo paliponse ndikafika makina amandipatsa nambala, ine osafunsa n'komwe kuti ndi iti. Zimagwira, n'chifukwa chake sindifunsa. Dzulo, nditawerenga kalata yanu, ndinayang'ana koyamba ya foni yanga kuntchito. Lero m'mawa ndayang'ananso, ndapeza ina.

Adalaivala akuliza hutala. Chonde musasinthe.

Mlamu wanu.

16 Juni

Alamu,

Tilipo. Amayi miyendo yaphwako pang'ono, ayamba kufika okha pachipata.

Kalata yanu yafika dzana. Lole inafera panjira, adalaivala anakhala masabata akudikira chitsulo. Apepesa kwambiri, ndinawauza kuti palibe kanthu. Uthenga wa pafoni ndinaupeza nditawerenga kalatayo. Unali pamwamba pa ena aja.

Ndinasintha tsiku lomaliza la mwezi. Achangu anabwera chodulira waya chili m'thumba la jekete, anaima pakhomo osalowa. Anafuna kundithandiza, ndinawauza kuti ndikudziwa. Ndinadina pamene munanena, manambala anachoka, ndinasunga, ndinazimitsa, ndinayatsa. Inalowa pa intaneti nthawi yomweyo. Ndinadikira kuti ndimve kanthu. M'khonde ometa ankakangana ndi kasitomala za mpira. Kenako munthu wina anatumiza kalata yofunsira ntchito, ndinasindikiza, anaiwerenga, anapeza kuti dzina la kampani analakwitsa yekha, ndinasindikizanso. Munanena zoona, ndi ntchito yaing'ono.

Shopu ikuyenda. Aphunzitsi aja sanabwerere, koma kwabwera ena. Mayi wa mankhwala ayambanso kundipatsa moni, ndipo alonda akudandaula kuti m'mawa alibe wocheza naye. Amayi ndinawauza zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, anangoti, "Nambala?" kenako anandipempha kuti ndiwakande kumsana. Ndimadzukabe nthawi ija, koma ndimangogona chagada mpaka kunja kuyere.

Dzulo ndinawaonetsa Achangu ndime imene munanena. Anawerenga, anagwira pakamwa. Anati n'zoona, zimatheka, ndipo akanachita tsiku lomwelo, koma palibe anawauza kuti nambalayo ndikuifuna. Iwo ankaona ngati sindidziwa kusintha ndipo ndikuchita manyazi kunena. Anati akhoza kundisungira 17 ngakhale lero, ine n'kuilembanso m'timabokosi muja monga inalili. Anaima kudikira yankho, njinga yawo ikulira panja.

Ndinawauza kuti asiye. Ndikailemba ine, ikhala yolemba ine.

Musadandaule kuti kalata inachedwa. Mwina ikanafika msanga ndikanachita zimene munanena, mwinanso ayi, sindikudziwa. Masiku ano zinthu zambiri sindikudziwa, koma ntchito ikugwirika.

Achangu asanachoke ndinawafunsa kuti 17 ali nayo ndani tsikulo. Anayang'ana pafoni yawo, anati ili ndi foni ya munthu amene sakumudziwa, mwina wodikira kumeta. Atapita ndinasuzumira m'khonde. Pabenchi la ometa panali anthu angapo, wina wa yunifolomu ya pabanki, wina utoto uli m'manja, mayi wina wonyamula chikwama chachikulu, aliyense ataweramira foni yake. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Sindinadziwe kuti ndi uti, ndipo ndinabwerera kukaika mapepala m'makina.

Ndine mlamu wanu.